Ufulu Wolankhula ndi Mlandu Woipitsa Mbiri ya Munthu pa Masamba a Mchezo

Awa ndi mau amene adayankhula mmodzi wa mamembala athu, yemwe amagwira ntchito m'boma, pa msonkhano waukulu wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza onse kuti amene sadathe kufika nawonso amve.



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa mpata woti ndiyankhulepo pa nkhani imene ikukhudza aliyense amene ali ndi foni m'thumba. Bungwe lathuli limakumana m'holo muno kamodzi pachaka, koma pa WhatsApp ndi pa Facebook limakumana usana ndi usiku. Kumeneko ndi komwe timauzana za maliro ndi maukwati, timasonkhetsa ndalama zokonzera zipinda zogona ana, komanso timatsutsana pa za ndale ndi za mpira mpaka bandulo kutha. Tsono funso limene ndapatsidwa ndi ili: munthu akalemba kapena kutumiza uthenga woipitsa mbiri ya mnzake pa masamba a mchezowa, mlandu umagwera yani? Yankho lake ndiyambe ndalinena kuti tiyendere limodzi. Mlandu umagwera amene walemba, umagweranso amene watumiza uthengawo kwa ena, ndipo nthawi zina umagwera amene adali ndi mphamvu youchotsa koma n'kuusiya. Eni ake a Facebook kapena WhatsApp kawirikawiri sapezekapo pa mlandu wotere.

Ambiri a ife amene tidali pasukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 tikukumbukira nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la boma. Tikukumbukira kalata ya maepisikopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adatipatsa, m'gawo 35, ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo ufulu umenewu sudabwere ndi manja ofewa. Koma malamulo omwewo, m'gawo 19, akuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 44 limalola kuti ufulu wina uikidwe malire ngati malirewo ali m'lamulo ndipo ndi oyenera m'dziko la demokalase. Choncho ufulu wanga wolankhula ndi ulemu wa mnzanga zidalembedwa m'buku limodzi, ndipo ntchito ya mabwalo a milandu ndi kuziyeza pa sikelo.

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2025, oweruza atatu a Bwalo Lalikulu, atakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, adagamula kuti gawo 200 la Penal Code likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Gawo limeneli, lomwe tidalilandira kuchokera kwa atsamunda, ndi limene linkapereka mphamvu yoti munthu amangidwe ndi kuzengedwa mlandu ndi boma chifukwa choipitsa mbiri ya wina. Nkhaniyi idafika kubwaloko kudzera mwa a Joshua Chisa Mbele, amene adamangidwa mu 2022 kaamba ka zimene adalemba pa Facebook zokhudza mmodzi wa akuluakulu a m'boma. Malawi sadali woyamba kuyenda njira imeneyi. Mu Disembala 2014, bwalo la ufulu wachibadwidwe la mayiko a mu Africa, lomwe lili ku Arusha, lidagamula pa mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso kuti kutsekera munthu m'ndende chifukwa choipitsa mbiri ndi chilango chopyola muyeso. Mabwalo a ku Kenya mu 2017 ndi ku Lesotho mu 2018 adathetsanso mlandu wotere.

Chigamulo cha 2025 ndi chabwino ndipo ndi choyenera kuchikondwerera. Koma vuto limene labuka ndi lakuti ena adachimva mwatheka, n'kuyamba kuuzana kuti tsopano munthu akhoza kulemba chilichonse popanda womufunsa. Sizili choncho. Chimene chidachoka ndi unyolo wa apolisi pa mlandu umenewu. Ufulu wa munthu woipitsidwa mbiri wokasuma yekha kukhoti ndi kufuna chipepeso udakalipo, ndipo kukhalapo kwa njira imeneyi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bwalo lidaonera kuti ndende njosafunika. Amene kale akadagona m'chitokosi, lero akhoza kulandira chisamani, kulipira maloya a mbali zonse ziwiri, ndi kugulitsa galimoto kapena puloti kuti apereke chipepeso.

Nanga kuipitsa mbiri n'kutani pamaso pa lamulo? Malamulo athu pa nkhaniyi adachokera ku England, ndipo wodandaula amayenera kuonetsa zinthu zitatu. Choyamba, kuti mauwo ndi otsitsa ulemu wake pamaso pa anthu oganiza bwino, monga kumunena kuti ndi wakuba, wakatangale, wachigololo, mfiti, kapena kuti sadziwa ntchito yake. Chachiwiri, kuti mauwo akunena za iyeyo. Chachitatu, kuti mauwo adafika kwa munthu wina kupatula iye mwini. Mukamulembera munthu payekha kuti ndi wakuba, mwamunyoza, koma simunamuipitsire mbiri. Mukalemba mau omwewo pagulu pomwe pali munthu wachitatu, mlandu wabadwa. Zindikiraninso ichi: wodandaula safunika kutsimikiza kuti zimene mudalembazo ndi zabodza. Lamulo limayamba laziona ngati zabodza, ndipo ndi inu wolemba amene mumayenera kubweretsa umboni woti ndi zoona.

Tsopano ndifotokoze zifukwa zisanu zimene timadzitonthoza nazo pamagulu athu, zomwe sizithandiza pamaso pa woweruza. Zitsanzo zina ndizitenga kumayiko akunja. Zigamulo za kumeneko sizimanga mabwalo athu, koma popeza malamulo athu pa nkhaniyi ali ndi muzu umodzi ndi a mayiko ambiri amene adalamulidwa ndi Britain, oweruza athu amaziwerenga ndipo amatha kutengerapo nzeru.

Chifukwa choyamba ndi chija chakuti, "Ine ndangotumiza, sindine ndalemba." Lamulo lakale kwambiri pa nkhaniyi limati aliyense wobwereza mau oipitsa mbiri amatengedwa ngati wawanena yekha. Kuyamba ndi mau oti "akuti", kapena kulemba pamwamba kuti "ndalandira momwemu", sikuchotsa mlandu. Wodandaula ali ndi ufulu wosankha womusumira, ndipo mwanzeru amasiya mnyamata wosadziwika amene adayambitsa nkhaniyo n'kusankha inu amene muli ndi dzina, malipiro a pamwezi ndi nyumba. Makolo athu ankati kandimverere adakanena za m'maluwa. Lero kandimverereyo ali ndi batani lotumizira uthenga kwa anthu mazanamazana nthawi imodzi. A WhatsApp eni akewo adaliona vutoli, n'chifukwa chake mu 2019 adaika malire oti uthenga uzitumizidwa malo asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 adati uthenga umene wayenda kale kwambiri uzitumizidwa malo amodzi okha.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti, "Sindinatchule dzina." Ngati owerenga akutha kuzindikira munthu amene mukumunenayo, dzina silifunika. Mukalemba pagulu lathu kuti msungichuma wina wa bungwe lina la ophunzira akale wamanga nyumba ndi ndalama za zipinda zogona ana, tonse tidziwa kuti msungichuma tili naye mmodzi.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti, "Ine ndinangofunsa." Mu Novembala 2012, wailesi ya kanema ya BBC idaulutsa nkhani yoti wandale wina wamkulu, amene sadamutchule, ankachitira nkhanza ana. Anthu pa Twitter adayamba kuloza Lord McAlpine, amene adalibe mlandu uliwonse. Mayi Sally Bercow, mkazi wa Sipikala wa nyumba ya malamulo ya dzikolo pa nthawiyo, adalemba funso lalifupi lofunsa chifukwa chimene dzina la bamboyo likutchukira, n'kuonjezera mau osonyeza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Mu Meyi 2013 Bwalo Lalikulu ku London lidagamula kuti owerenga adamva funsolo ngati kuloza chala, ndipo mayiyo adalipira chipepeso. BBC idalipira mapaundi 185,000. Anthu wamba amene adali ndi owatsatira osakwana 500 adapemphedwa kupereka mapaundi 25 aliyense ku thumba lothandiza ana. Woweruza sayang'ana mau okha ayi, amayang'ana chimene munthu wamba wamva atawerenga, pamodzi ndi tizithunzi toseka tomwe timaika kumapeto.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti, "Gulu lathu ndi laling'ono, ndi la ife tokha." Mu 2012, bwalo la ku London lidalamula Lalit Modi, mkulu wakale wa masewero a cricket ku India, kuti alipire katswiri wa ku New Zealand, Chris Cairns, mapaundi 90,000 chifukwa cha uthenga umodzi wa pa Twitter umene akatswiri adayerekeza kuti udaonedwa ndi anthu pafupifupi 65 ku England. Gulu limodzi la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu 1,024. Komanso tiganize bwino za amene ali pagulu lathu. Pali olemba anthu ntchito, pali azibusa, pali mabwana a ena mwa ife, pali alamu ndi apongozi. Bodza lonenedwa pakati pa anthu amene amakudziwa kuyambira uli Fomu 1 limapweteka koposa lonenedwa kwa alendo chikwi.

Chifukwa chachisanu ndi chakuti, "Ndafufuta," kapena, "Ndidalemba ndi dzina labodza." Madzi akatayika saoleka. Pamene mukufufuta, wina wajambula kale uthengawo ndipo ausunga. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limalola kuti mauthenga a pafoni ndi pakompyuta aperekedwe ngati umboni kukhoti, ndipo uthenga wa mau, uja timati VN, ndi umboni wa liwu lanu lenileni. Kuyambira 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, kotero kuti kubisala kuseri kwa dzina lopeka sikovuta kukuvumbula monga timaganizira.

Ena afunsa kuti, bwanji osasumira Facebook, popeza ndi imene ili ndi ndalama? Makampani akuluakuluwa ndi a ku America, ndipo kumeneko gawo 230 la lamulo la 1996 lotchedwa Communications Decency Act limati mwini tsamba asatengedwe ngati wofalitsa zimene walemba munthu wina. Kuno kwathu, lamulo la 2016 lija limatetezanso makampani onyamula ndi osunga mauthenga ngati sindiwo adayambitsa uthengawo ndipo sankadziwa kuti ndi wolakwira lamulo. Choncho katundu amatsalira ife ogwiritsa ntchito masambawa.

Apa ndiyankhule ndi maadimini athu, amene amagwira ntchito yolemetsa popanda malipiro. Mu 1937 ku England kudali mlandu wa pepala limene munthu wosadziwika adakhoma pakhoma la kalabu ya gofu. Oweruza adanena kuti oyang'anira kalabuyo, popeza adaliona pepalalo, adali ndi mphamvu yolichotsa, koma adalisiya, akhoza kutengedwa ngati adatenga nawo mbali polifalitsa. Tonse tikukumbukira bolodi la zidziwitso la pafupi ndi ofesi ya Mphunzitsi Wamkulu. Gulu la WhatsApp ndi bolodi lomwelo, ndipo adimini ndi amene ali ndi kiyi. Mu 2013 bwalo la ku Pretoria lidalamula mayi wina ndi mwamuna wake kulipira marandi 40,000 chifukwa cha zimene mayiyo adalemba pa Facebook. Bamboyo sadalembe kanthu, koma dzina lake lidalumikizidwa ku uthengawo, adadziwa, ndipo sadalichotse. Mu Seputembala 2021 bwalo lalikulu kwambiri la ku Australia lidagamula kuti nyumba zofalitsa nkhani ndi zofalitsa nawo ndemanga zimene anthu amalemba pamasamba awo a Facebook. Mabwalo ena, monga a ku India, adati adimini sasenza mlandu chifukwa chongokhala adimini. Koma phunziro lopezeka m'zigamulo zambiri ndi limodzi: ngozi imayamba pamene mwauzidwa kuti uthenga ndi wabodza ndi woipitsa mbiri, muli ndi mphamvu youchotsa, koma mwakhala chete. Kuyambira 2022 adimini wa WhatsApp akhoza kufufuta uthenga wa membala aliyense kuti onse asauone, choncho kunena kuti ndidalibe chochita sikumveka.

Ndisamveke ngati ndikuti titseke pakamwa. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndikudziwa kuti ife ogwira ntchito za anthu tiyenera kudzudzulidwa, pakuti ndalama zimene timayendetsa ndi zamisonkho yanu. Lamulo lili ndi zishango zitatu zotetezera wolankhula. Choyamba ndi choonadi: ngati zimene mwalemba ndi zoona ndipo mungathe kuzitsimikiza ndi umboni, palibe chipepeso. Chachiwiri ndi maganizo operekedwa moona mtima pa nkhani yokhudza anthu onse, ochokera pa mfundo zoona. Kulemba kuti mlatho wakumwera kwathu wagumuka chaka chisanathe, ndipo kwa ine ntchitoyi idagwiridwa mwachinyengo cha maso, ndi maganizo omangidwa pa chinthu chimene aliyense angathe kukachiona. Kulemba kuti injiniya wakutiwakuti adalandira chiphuphu ndi kunena chinthu chofuna umboni. Chachitatu ndi chitetezo cha malo ndi udindo. Phungu woyankhula m'Nyumba ya Malamulo ndi mboni yoyankhula m'khoti sangasumiridwe pa mau amenewo. Nayenso munthu amene wakatula dandaulo lake moona mtima, popanda njiru, kwa amene ali ndi udindo woliona, monga bungwe lothana ndi katangale la ACB, ofesi ya Ombudsman, apolisi kapena komiti ya bungwe lathu, lamulo limamuteteza ngakhale pambuyo pake zitapezeka kuti adaganiza molakwa. Nkhani yomweyo mukaiponya pagulu la anthu mazana atatu, chitetezo chimenechi chimachoka. Tilinso ndi lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza zikalata za boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Amene akukayikira kayendetsedwe ka ndalama za boma ali ndi njira yofunsira mapepala m'malo modalira mphekesera.

Ndikumbutsenso kuti ngakhale gawo 200 lidagwa, lamulo la 2016 lidakhazikitsa milandu ina imene apolisi amamangira anthu. Gawo 86 likunena za kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makinawa, ndipo lidaika chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Gawo 87 likunena za kusowetsa munthu mtendere mwadala ndi mobwerezabwereza, ndipo lidaika K1,000,000 ndi miyezi 12. Atolankhani ndi mabungwe omenyera ufulu akhala akudandaula kuti magawo ena a lamuloli amagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa otsutsa, ndipo dandaulo limeneli ndi lofunika kulimva. Komabe ndi bwino kuti tidziwe kuti magawowa alipo. Kwa ife apantchito palinso malamulo a kuntchito, pakuti bwana sadikira chigamulo cha khoti kuti akuitaneni ku komiti yosungitsa mwambo.

Tisaiwale munthu amene ali mbali inayo. Mphunzitsi amene wanamiziridwa kuti amanyengerera ana asukulu akhoza kuimitsidwa ntchito mawa lomwe, banja lake n'kugwedezeka, ngakhale patapita zaka ziwiri khoti litamuyeretsa. Mayi wa bizinesi amene wanenedwa kuti amagulitsa zakuba amataya makasitomala tsiku lomwelo. Gogo wa kumudzi amene watchulidwa kuti ndi mfiti moyo wake umakhala pa chiswe. Uthenga wopepesa suyenda mtunda umene bodza lidayenda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngati zakugwerani inuyo, musabwezere pagulu pomwepo, chifukwa mukatero milandu ikhala iwiri. Jambulani uthengawo moonetsa tsiku, nambala ya wotumiza ndi dzina la gulu. Lemberani wolembayo ndi adimini kuti auchotse ndi kupepesa pamalo pomwe adalakwirapo. Zikakanika, kaonaneni ndi loya msanga, pakuti milandu ili ndi nthawi yake yokasumira. Bwalo likhoza kulamula chipepeso ndi kuletsa wolembayo kubwereza. Malamulo a Bwalo Lalikulu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri yotere iyambe yadzera pa zokambirana pamaso pa woweruza ngati mkhalapakati, ndipo kupepesa msanga ndi mtima wonse kumachepetsa chipepeso, nthawi zina kumathetseratu nkhani.

Pomaliza, Bambo Wapampando, ndili ndi mapempho atatu kwa komiti. Loyamba, tikhale ndi malamulo olembedwa a magulu athu onse, ndipo membala aliyense watsopano aziwalandira tsiku lolowa. Lachiwiri, maadimini apatsidwe mphamvu yochotsa nthawi yomweyo uthenga woneneza munthu mlandu popanda umboni, mosayang'ana kuti wolembayo ndi wamkulu kapena ndi amene amasonkha zambiri. Lachitatu, madandaulo okhudza ndalama za bungwe kapena aphunzitsi a sukulu yathu azipita kwa mlembi m'kalata, ndipo komiti iziyankha m'masiku owerengeka, chifukwa mphekesera zimamera pamene atsogoleri achedwa kuyankha.

Kwa ife tonse, tisanadinde batani lotumizira, tidzifunse mafunso atatu. Kodi ndikudziwa kuti ndi zoona, kapena ndangomva? Kodi nditaitanidwa kukhoti, ndikapita ndi umboni wanji? Kodi pano ndi pamalo poyenera nkhaniyi, kapena pali ofesi imene ingaithetse? Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ufulu wolankhula tidaupeza movutikira, ndipo tiugwiritse ntchito molimba mtima podzudzula zoipa, koma ndi umboni m'manja ndi ulemu kwa anzathu amene tidadya nawo mgaiwa ndi nyemba m'holo muno.

 Mulungu adalitse sukulu yathu.